Njereza ya a Tegwen

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse pa a Tegwen Prothero zaka zonse zimene ndinawadziwa. Munthu ukamuyamikira amamwetulira, kapena amakana mwaulemu koma mtima uli mbee. Iwo ayi. Ukawayamikira nkhope yawo inkagwa ngati wawauza za maliro, n'kutembenuka kumapita. Ine ndinakulira pa mishoni, kumene anatiphunzitsa kuti chitamando ndi msampha, choncho ndinkaganiza kuti tikufanana. Sitinkafanana. Ine ndinkaopa kudzikuza, pamene iwo ankaopa chinthu china.

Ndinawadziwira m'basi. Kuno ku Cwmlydan, m'chigwa cha migodi ya malasha, munthu amadziwika ndi ntchito yake: Idwal Wamkaka, Emrys Wamalasha, ine Lameki Wabasi, poti ndinkayendetsa basi. Iwo anali Tegwen Wakumanda, ngakhale ntchito yawo inali yophikira ana pa sukulu ya pulaimale. M'mawa uliwonse ankakwerera pa tchalitchi cha Bethania, mpango kumutu, chikwama m'khwapa. Bambo awo anafa ndi fumbi la mumgodi iwo ali mtsikana. Sanakwatiwe. Anasamala mayi awo mpaka kuwaika, kenaka anatsala okha m'nyumba yomweyo ya pa mzere wa kumtunda. Mwala wa pakhomo pawo unkayera kuposa wa wina aliyense, ndipo amayi ena ankanyinyirika nawo.

Akangokwera basi, anthu ankanyamuka kuwapatsa mpando wa kutsogolo. Wolongolola kwambiri anali mnzanga Emrys, amene anaphunzira nawo kalasi imodzi ali ana.

"Patukani, mfumukazi yafika! Khala kuno, Tegwen. Magazi a Gwilym sakhala pamwamba pa matayala."

"Khala pansi iwe Emrys, ungagwe. Mapapo akowo sangakudzutse."

Anthu ankaseka, iwo n'kupitirira mpaka kumbuyo kwenikweni. Mpando wa kutsogolo uja sanakhalepo n'kamodzi komwe.

Nkhani ya Gwilym Probert mwana wa kuno amaiyamwira m'bere. Kale, agogo a agogo awo ali moyo, antchito a m'ng'anjo zachitsulo anaukira eni ake chifukwa chowadula malipiro ndi kuwakakamiza kugula m'sitolo ya kampani. Anatsika chigwa chonse ngati madzi osefukira. Asilikali anaombera, anthu anagwa. Madzulo a tsiku lomwelo sitolo ija inapsa, mlonda n'kufera momwemo. Boma linafuna munthu womunyonga. Mboni inapezeka imodzi, Shadrach Treharne wosoka nsapato, amene analumbira kuti anaona Gwilym, mnyamata wa pa ng'anjo, atanyamula muuni. Gwilym anakana mpaka pa chingwe. Abusa a nthawiyo anakaniza kumuika m'manda a tchalitchi, ndiye anamuika kuseri kwa mpanda, m'mbali mwa phiri, pamene nkhosa zimadutsa. Mkazi wake anatuluka m'chigwa muno khanda lili kumsana, ndipo sanamvekenso.

Chigwa sichinakhulupirire mboniyo. Mpaka lero mwana wabodza kuno amamuti Shadrach. Chaka chilichonse mu Juni bandi ya malipenga imatsogola, mbendera za mabungwe a antchito zili pambuyo, kutsika mpaka pa mlatho. Pamenepo amaponya nsapato yakutha mumtsinje, anthu onse n'kufuula, "Tenga yako, Shadrach!" Kenaka amapita kukamwa mowa. A Tegwen sankabwera ku mwambo umenewu. Tinkati chisoni chimawachulukira.

Tsiku lawo linali Lamulungu la Kanjedza, limene kuno timati Lamulungu la Maluwa. Banja lililonse limakwera kumanda ndi ndowa, kukazula udzu, kupaka miyala njereza ndi kuika maluwa achikasu aja otuluka chisanu chikamatha. Lamulo lake silinalembedwe koma aliyense amalidziwa: manda amakonza ndi wachibale. Kukhudza manda a banja lina ndi chipongwe, kuli ngati kuwauza kuti akufa awo awataya. Tsono a Tegwen, akamaliza manda a makolo awo, ankatuluka pa chipata chaching'ono n'kukagwada pa manda a Gwilym. Mayi awo ankachita chomwecho, agogo awo akazi chimodzimodzi. Ndani akanafunsanso ngati ndi achibale a Gwilym? Ena ankati khanda lija linabwerera litakula, ena ankati Gwilym anali ndi mlongo wake. Maina a akazi amasintha pa ukwati, choncho panalibe chodabwitsa kuti iwo si a Probert.

Chifukwa cha zimenezi anthu ankawakonda mowaonetsera. Wogulitsa nyama ankawasungira nthuli yabwino. Mkazi wanga Nesta akakazinga makeke pa chiwaya, mbale yoyamba inkapita kwa iwo. Pobwera ankandiuza kuti, "Mayi ameneyu amalandira keke ngati ndamupatsa khala lamoto." Kusukulu nako ana akakangana pa mzere wa chakudya, wina n'kukuwa, "Shadrach iwe!", a Tegwen ankangoyang'ana mumphika n'kumapakula.

Chaka china, nditapuma kale pantchito, ndinawanyamulira ndowa pokwera phiri. Burashi anakana kuti ndiigwire. Ndinaima poteropo n'kumaonerera. Ankayambira pamwamba pa mwala kutsika pansi, mosathamanga, akusamala kuti njereza isalowe m'zilembo za dzina. Ndinaona kuti ndiyenera kunenapo kanthu.

"Gwilym ali ndi mwayi, kukhala ndi mdzukulu ngati inu."

Sanadzutse mutu. "A Lameki, mwayi umenewo anauona liti?"

Atamaliza ndinawanyamuliranso ndowa potsika.

Migodi itatsekedwa, Emrys anasowa chomenyera nkhondo, ndiye anayambitsa komiti yopempha boma kuti likhululukire Gwilym. Ine anandiikamo chifukwa makiyi a chipinda cha kuseri kwa tchalitchi amakhala ndi ine. Tinkakumana Lamulungu mapemphero akatha, tiyi ali patebulo. Idwal Wamkaka ankadandaula pa msonkhano uliwonse.

"Kukhululukira munthu wosalakwa? Iwowo ndiwo azipempha Gwilym kuti awakhululukire."

"Ukamaliza kulalikira undipatsire shuga," ankatero Emrys. "Boma lili ndi khomo limodzi lokha, ndipo ndi limenelo. Tilowera pomwepo."

Tinayenda khomo ndi khomo, anthu anasaina, pempho linapita ku London. Yankho linachedwa kwambiri, moti ena a m'komiti, kuphatikizapo Idwal, anamwalira akudikira. Litafika, Emrys anaitanitsa msonkhano wa chigwa chonse, ndipo anakagogoda yekha kwa a Tegwen kuwachonderera kuti abwere. Anabwera, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi ketulo.

Emrys anaimirira, akupuma mwa befu monga mwa nthawi zonse. Anati boma likufuna zinthu ziwiri: pempho lichokere kwa wachibale wa malemuyo, ndiponso pakhale umboni watsopano umene oweruza akale aja sanaumve.

"Umboniwo tiufunafuna, ngakhale tikumbe phiri lonseli. Koma wachibale tili naye! Tegwen, imirira anthu akuone. Ukwera sitima ya ku London, mtsikana, ndipo chipewa tikugulira ife."

Anthu anaomba m'manja, ena akumenya matebulo. A Tegwen anaimirira, koma osati kuti tiwaone. Anadikira mpaka phokoso linatha. Manja awo anagwira mpando wa patsogolo pawo.

"Sindipita, Emrys. Ine si wachibale wa Gwilym."

Wina anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

"Agogo a agogo anga akazi anali mwana wa Shadrach Treharne. Ndine magazi a Shadrach."

Ketulo yokha ndiyo inkalira.

Anafotokoza ndi mawu otsika, akuyang'ana khoma. Madzulo amene sitolo inapsa, Gwilym anali m'nyumba ya Shadrach, atakhala pa benchi wopanda nsapato, akudikira kuti amusokere zake zimene zinang'ambika poyenda ndi gulu lija. Moto anauonera limodzi pawindo. Patapita masiku kapitawo wa kampani anafika n'kukumbutsa Shadrach kuti nyumba imene ankagonamo ndi ana ake inali ya kampani, ndipo chisanu chikubwera. Shadrach analumbira. Gwilym anakwera ponyongera atavala nsapato zomwezo, ulusi wa Shadrach ukadali watsopano. Mkazi wa Shadrach ndiye anayamba kupita ndi ndowa kuseri kwa mpanda. Asanamwalire anauza mwana wake wamkazi, mwanayo n'kudzauza wake.

"Mayi anandiuza ndili ndi zaka zoti n'kunyamula ndowa. Anati: upake, usalandire zikomo, usanene. Ziwirizo ndayesetsa. Chachitatu ndalephera lero. Ndilibe mwana wamkazi womusiyira, ndipo kukalumbira bodza lachiwiri pa munthu yemweyo sindingathe."

Woyamba kuyankhula anali Emrys. Nkhope yake inali itafiira mpaka m'khosi.

"Zaka zonsezi, Tegwen? Unkatiyang'ana tikukunyamukira m'basi?"

"Ndinakhalapo pa mpandowo?"

"Makeke athu unkadya!"

"Ndinkadya. Sankatsika bwino."

Mayi wina chakutsogolo ananena mokweza, osatembenuka, kuti ndiye kuti manda a Gwilym akhala akukhudzidwa ndi manja a Shadrach kuyambira kalekale. A Tegwen anatsuka kapu yawo, n'kuipukuta, n'kuibwezera pa shelefu, kenaka anatuluka. Otsalafe tinasowa poyang'ana. Aliyense m'chipindamo anali ataponyapo nsapato pa mlatho, kapena kufuula nawo, ndipo aliyense anali kukumbukira tsiku limene anauza mayiyu pamaso kuti mbumba ya Shadrach ikanayenera kumizidwa.

Manyazi akasowa kopita amasanduka mkwiyo. Masabata otsatirawo wogulitsa nyama anaiwala nthuli ija. M'basi munalibenso wonyamuka, ndipo mpando woyandikana nawo unkatsala wopanda munthu. M'mawa wina anapeza nsapato yakutha pa mwala wawo woyera uja. Anaitola, anaipukuta, anaipaka polishi, n'kuiika pa mpanda kuti mwini wake aione. Inakhala pamenepo mpaka mvula inaiwononga. Nesta anapitabe ndi mbale yake, koma anabwera akulira. Anati a Tegwen analandira bwinobwino, n'kudya keke imodzi iye akuona, ndipo anati aka kanali koyamba kuimva kukoma.

Loya wa komiti, mayi wa ku Cardiff, atamva nkhaniyi anaimba foni tsiku lomwelo. Anati wachibale angapezeke kapena osapezeka, koma umboni ndi umenewu, ngati mwini wake angavomere kuunena molumbira. A Tegwen anandipempha kuti ndiwaperekeze, poti sitima sankaizolowera. Mu ofesi muja ananena zonse monga anatiuzira, osaonjezera kapena kuchotsa. Loya atawauza kuti ndi olimba mtima, anayamba kufunafuna magolovesi awo m'chikwama ngakhale anali atawavala.

Pobwerera ankayang'ana milu yakale ya malasha imene tsopano inamera udzu.

"Amati Shadrach uja polumbira bodza dzanja lake silinanjenjemere. Langa lonena zoona mwaliona mmene limachitira?"

"Ndaliona."

"Musakauze Emrys."

Chisanu chili pakati, uthenga unafika kuti boma lavomera kuunikanso mlandu wa Gwilym. Sikunali kukhululuka, ndipo mpaka pano tikudikira, koma khomo lija linali litatseguka koyamba. Atolankhani anabwera ndi makamera. Anthu omwe aja anayamba kunena kuti Tegwen ndi mkazi wa chitsulo, ndipo ena ankati iwo anali akuganizira kale. Wogulitsa nyama anakumbukira nthuli.

Emrys anandikoka kuti tikawaone. Anavala tayi, ndipo anagula maluwa m'kasitolo ka pomwetsera mafuta. A Tegwen anatilowetsa m'khitchini, msuzi wa nkhosa uli pamoto.

"Ndinayankhula zopusa tsiku lija," anatero Emrys, akuyang'ana chipewa chake.

"Unayamba kale, uli m'kalasi ya a Miss Gwatkin."

"Komiti yagwirizana. Mu Juni utsogole ndiwe, patsogolo pa bandi. Ndipo nsapato uponye ndiwe. Taganiza, Tegwen! Dziko lonse liona."

"Ndiponye nsapato pa agogo anga?"

A Tegwen anavundula msuzi uja, n'kupitiriza.

"Anachita choipa, Emrys, ndipo ndakachinena kwa boma dzanja lili m'mwamba. Koma ana amene anawasungira denga aja, mmodzi ndiye anabala ife. Chikhala kuti anakana, ine bwenzi kulibe. Ukufuna ndifuule chiyani pa mlathopo?"

"Ndiye tisiye nsapatoyo. Ungotsogola basi."

"Poyamba munkandinyamukira chifukwa cha magazi amene si anga. Tsopano mukufuna kundiimbira malipenga chifukwa ndanena mochedwa chimene chikananenedwa ndi mayi anga, kapena agogo anga. Idwal wakale uja ndi anzake afa akudikira, ine ndili chete kumbuyo kwa basi. Imwa tiyi wako."

Tinamwa. Potuluka Emrys anaiwala maluwa ake m'manja, anafika nawo mpaka kwawo.

Panatsala funso limene aliyense ankalinong'ona koma palibe analifunsa poyera. Lamulungu la Maluwa linali kuyandikira. Tsopano chigwa chonse chinkadziwa kuti a Tegwen si wachibale. Amayi ena ankati mwambo ndi mwambo, asakhudzenso. Ena ankati nanga akhudze ndani, poti wachibale weniweni palibe. Akuluakulu a mpingo anakambirana, n'kugwirizana kuti asanene kanthu.

Tsikulo kunacha kopanda mvula. Manda anadzaza anthu, maburashi akulira pa miyala, ana akuthamangitsana ndi maluwa. A Tegwen anafika mochedwerapo, atavala jasi lawo labwino lopitira ku maliro, ndowa m'manja. Anakonza manda a bambo ndi mayi awo monga mwa masiku onse. Atamaliza anaimirira, ndipo maburashi onse anasiya kulira. Anayenda kulunjika ku chipata chaching'ono chija. Atafika pamenepo anaima, n'kutembenukira kwa Emrys, amene anali pa manda a mkazi wake chapafupi.

"Emrys, pa wailesi unati Gwilym ndi wa tonse."

"Ndinatero."

"Ndiye bwera."

Anamupatsa ndowa ndi burashi. Emrys anayang'ana uku ndi uku ngati mwana amene waitanidwa ku bolodi. Anatuluka pa chipata, anagwada movutikira, chifuwa chikulira. Anaviika burashi n'kuyambira pansi pa mwala.

"Pamwamba, iwe! Ikayenderera iwononga zonse. Ndipo usapake dzina."

Emrys anayambira pamwamba. Ankapaka moipa, njereza ikudontha pa tayi yake. Mwana wamkazi wa Idwal anatuluka n'kuyamba kuzula udzu. Nesta anachotsa theka la maluwa pa manda a mayi ake n'kupita nawo. Posakhalitsa kuseri kwa mpanda kunali anthu ambiri kuposa mkati, onse osayang'anizana. Mayi uja amene ananena za manja a Shadrach anagwirira Emrys ndowa.

Ine ndinatsala pa chipata. Nditacheuka, a Tegwen anali atafika kale pakati pa phiri, akutsika ndi njira ya nkhosa. Ndinawatsatira mwa liwiro limene maondo anga amalola. Ndinawapeza pa siteji ya Bethania. Pansi pa benchi panali sutikesi yaing'ono imene anaisiya pokwera kumanda.

"Mukupita kukaona abale?"

"A Lameki, abale anga mwawaona. Ndangowapaka kumene."

"Nanga yankho la boma likabwera?"

"Mukamuuze Gwilym. Si ine ndikulidikira."

Ndinafuna kuwauza kuti achita chinthu chachikulu, koma ndinakumbukira nkhope imene ankachita, ndiye ndinangowanyamulira sutikesi. Basi itaima, mnyamata wina ananyamuka pa mpando wa kutsogolo, monga amachitira ndi nkhalamba iliyonse. Sanali wa kuno. A Tegwen anayang'ana mpandowo kanthawi, kenaka anati zikomo, n'kukhalapo.

Makiyi a nyumba tinawapeza pansi pa mphika wa maluwa, mwala wa pakhomo utatsukidwa. Dalaivala, mtsikana wina watsopano, anangokumbukira kuti mayi wa jasi lakuda anatsikira pa siteshoni ya kumunsi kwa chigwa. Pamenepo sitima zina zimapita kum'mawa, zina kumadzulo, ndipo Lamulungu pa windo la matikiti sipakhala munthu.